Mzere Umodzi Wolakwika pa Kalata ya Lendi

Pa makalata a lendi amene timawaona ku Chitakale, ku Nkando ndi pa boma la Mulanje sipalephera kupezeka mzere wakuti chilichonse chowonongeka m'nyumba akonze ndi wochita lendi. Ena mwa eni nyumba oulembawo timaswali nawo limodzi pa Jumuah. Ife tikuti mzerewu sukugwirizana ndi fiqhi ya ijara, yomwe ndi malamulo obwereketsa chinthu pa mtengo.

Wochita lendi sagula nyumba. Amagula phindu lake: pogona, madzi otuluka pampopi, chimbudzi chogwira ntchito. Nyumbayo imakhalabe ya mwini wake, choncho zosunga phindulo zili pa iye. Imam Nawawi, amene anamwalira mu 1277, anaika kukonza nyumba pa mwini wake m'buku la Minhaj al-Talibin, lomwe ndi mzati wa mazhabu a Shafi amene Asilamu ambiri kuno timatsatira. Mwiniyo akazengereza, wochita lendi ali ndi ufulu wothetsa mgwirizano. Nawo malamulo a Majalla, omwe ufumu wa Ottoman unalemba pakati pa 1869 ndi 1876 motsata mazhabu a Hanafi, m'ndime 529 amatchula njira za madzi pakati pa zinthu zimene mwini nyumba ayenera kukonza.

Wina anganene kuti poti wochita lendi anasaina yekha, palibe mlandu. Apa ndi pamene pali vuto lenileni. Shariya imafuna kuti mtengo wa lendi udziwike tsiku lomwe anthu akugwirizana. Munthu akavomera kulipira ndalama yakuti pamwezi kuphatikizapo "chilichonse," wavomera mtengo umene sakuudziwa iye, ngakhalenso mwini nyumbayo. Mwina chaka chonse adzangosintha labala ya mpopi, mwina adzakumba paipi yonse kuchokera pa mita. Ibn Qudama, m'buku la al-Mughni, anaona chigwirizano chotere kuti n'chosavomerezeka. Ife a ku Mulanje sitifunika kupita kutali: m'mwezi wa Malichi 2023 madzi a namondwe wa Freddy anatsika m'phiri n'kukokolola mapaipi. Kodi mphunzitsi wochita lendi akanalipira zimenezo chifukwa anasaina?

Izi sizikumasula wochita lendi. Nyumba ili m'manja mwake ngati amana. Ana ake akathyola mpopi, kapena iye akatseka chimbudzi potayamo nsanza, pulambala amulipire yekha. Chimodzimodzi ngati waona madzi akusefukira kuseri kwa nyumba n'kukhala chete miyezi itatu, bilu ya Southern Region Water Board ikukwera, kunyalanyazako ndi kwake.

Palinso chizolowezi chokonzetsa paipi mwakachetechete kenako n'kudula ndalamayo pa lendi. Majalla imalola kubwezeredwa ndalama ngati ntchitoyo inachitika ndi chilolezo cha mwini nyumba. Uthenga umodzi wa pafoni pulambala asanagwire sipanala ndi wokwanira, ndipo usafufutidwe.