Mwadziwa Bwanji? Funso Losowa M'kalasi la Sayansi

Tatengani buku lanu la manotsi a sayansi, mutsegule pa tsamba limene munalembapo za matenda a kolera. Ndikhulupirira mupeza mau okonzedwa bwino, mutu wake wojambulidwa mzere kunsi ndi rula. Munalemba kuti kolera imayamba ndi kacilombo kochedwa Vibrio cholerae, kuti imafala kupyolera m'madzi ndi zakudya zimene zakhudzana ndi cimbudzi ca munthu wodwala, ndiponso kuti tiyenera kuwiritsa madzi akumwa kapena kuthiramo klorini. Zonsezi n'zoona, ndipo mukazilemba pa mayeso mudzakhoza. Koma ndikufunseni: mwadziwa bwanji kuti n'zoona? Ngati yankho lanu ndi lakuti "aphunzitsi anatero," ndiye kuti nkhani ino ndi yanu.

Dandaulo langa lili pa kaphunzitsidwe ka sayansi kamene ambiri a ife tinakula nako. Mphunzitsi alemba pa bolodi, ana akopera, belu lilira, phunziro latha. Mwana amene aloweza msanga ndiye achedwa wanzeru, ndipo wofunsafunsa amuyesa wovuta. Mwa njira imeneyi timalandira mayankho a sayansi, koma njira imene anthu anapezera mayankhowo sitiiona.

Taganizirani mlandu wa pabwalo la mfumu. Munthu akaimirira nanena kuti, "Uje ndiye anaba mbuzi yanga," a mfumu sagamula pomwepo. Amafunsa kuti anaona ndani, mapazi a mbuziyo analowera kuti, ndipo cikopa cinapezeka m'nyumba ya yani. Pambuyo pake amalola woganiziridwayo kuti ayankhe. Sayansi imayenda cimodzimodzi. Pamafunika zinthu zitatu: cimene ukunena, umboni wake, ndi cifukwa cimene umboniwo ukutsimikizira cimene wanenaco. Manotsi athu amatipatsa coyamba cokha.

Kuti muone cimene timataya, ndikutengeni ku London, m'dziko la England, m'caka ca 1854. Kumapeto kwa Ogasiti caka cimeneco kolera inabuka m'dera la Soho, ndipo m'masiku 10 okha anthu pafupifupi 500 anafa. Madokotala ndi akuluakulu a boma ambiri pa nthawiyo anali kukhulupirira kuti matendawa amabwera ndi mpweya wonunkha wocokera ku zinthu zoola. Maganizo amenewa sanali opusa ayi, pakuti kolera inali kukonda malo auve ndi onunkha. Koma dokotala wina, John Snow, anali kuganiza kuti matendawa amalowa m'thupi kudzera pakamwa, makamaka ndi madzi.

Snow analibe kacilombo koti aonetse anthu. Cimene anacita ndi kutenga maina a akufa ndi kumene anali kukhala, nayenda khomo ndi khomo kufunsa kumene banja lililonse linali kutunga madzi. Anapeza kuti maliro ambiri anali m'nyumba zozungulira pampu ya pa msewu wa Broad Street. Pambuyo pake anaonetsa zimenezi pa mapu, kamzere kakuda kamodzi kuimira munthu mmodzi wakufa.

Pano wophunzira wocenjera ayenera kukweza dzanja ndi kufunsa kuti, "Nanga ngati mpweya woipawo unali pa msewu womwewo?" Funso limeneli n'labwino, pakuti mapu okha sangathe kusiyanitsa madzi ndi mpweya. Cifukwa cace Snow anafufuza anthu amene anapuma mpweyawo osamwa madziwo, ndi ena amene anamwa madziwo osapuma mpweyawo. Pa msewu womwewo panali fakitale yofulula mowa ya anchito oposa 70, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anafa. Iwo anali kupatsidwa mowa pa nchito, ndiponso fakitaleyo inali ndi citsime cakecake. Capafupi panali nyumba yosungiramo amphawi 535, koma anafamo 5 okha, ndipo nayonso inali ndi madzi akeake. Tsono kutali, ku Hampstead, kumene kunalibe mliri, mai wina wamasiye anafa ndi kolera. Snow atafunsa, anamva kuti maiyo anali kukonda kukoma kwa madzi a pa Broad Street, kotero kuti anali kumtumizira m'botolo pa ngolo. Mpweya sukanafika ku Hampstead pa ngolo, koma madzi anafika.

Pa 7 Seputembala Snow anaika umboni wake pamaso pa akuluakulu a deralo, ndipo m'mawa mwake anacotsa cogwirira ca pampuyo. Mabuku ena amathera pamenepa, ngati kuti mliri unatha cifukwa ca cogwiriraco. Koma Snow mwini wake anavomera kuti matendawo anali atayamba kale kucepa, popeza anthu ambiri anali atathawa m'deralo. Iye sanafune kunena zoposa zimene umboni wake unali kumulola. Limenelinso ndi phunziro limene sitilipeza pa bolodi.

Panalinso mbusa wacinyamata wa chalichi ca St Luke's m'dera lomwelo, dzina lake Henry Whitehead. Iye sanakhulupirire zonena za Snow, ndipo anayamba kufufuza ndi colinga cakuti amtsutse. Popeza anali kuwadziwa anthu a m'deralo, anawafunsa mmodzimmodzi, odwala ndi osadwala omwe. Ziwerengero zimene anasonkhanitsa zinamuonetsa kuti Snow anali kunena zoona, ndipo iye anasintha maganizo. Ndiye amenenso anapeza za khanda la pa nyumba nambala 40, limene linadwala mliri usanabuke. Madzi ocapira matewera ake anali kutayidwa m'dzenje la zonyansa, ndipo atakumba anapeza kuti dzenjelo linali kudonthera m'citsime ca pampuyo. Ngakhale zinali tero, akuluakulu a zaumoyo anakanabe maganizo a Snow, ndipo iye anamwalira mu 1858 ambiri asanamuvomereze. Kacilomboko kanaonedwa ndi Filippo Pacini ku Italy mu 1854, koma dziko linakhutira pamene Robert Koch anakafotokoza mu 1884. Mzere umodzi wa m'manotsi anu uja unatenga zaka 30 za kutsutsana.

Mwina mukuti, nanga za ku London zakalekale zitikhudza bwanji ife? Kumbukirani mliri wa kolera umene unayamba mu Okutobala 2017 m'makomboni a Lusaka monga Chipata ndi Kanyama, kumene zitsime zosazama zinali pafupi ndi zimbudzi zokumba. Kumbukiraninso wa 2023 mpaka 2024, umene unadwalitsa anthu oposa 20,000 ndi kupha oposa 700 m'dziko muno. Bwalo la masewera la National Heroes linasanduka cipatala, ndipo masukulu amene anayenera kutsegulidwa pa 8 Januwale 2024 anatsegulidwa pa 12 Febuluwale. Pa nthawi zotere mphekesera zimaculuka m'misika, m'maminibasi ndi m'mafoni. Wina akuti madzi akaoneka oyera ndiye kuti ndi abwino, wina akuti klorini ndiye akudwalitsa anthu. Mwana woloweza manotsi alibe cida colimbanira ndi zimenezi. Iye anazolowera kukhulupirira mau cifukwa ca amene wawanena, tsono akamva munthu wina wamkulu akunena zosiyana mwamphamvu, sadziwa kuti atsate ati. Amene anaphunzira kufunsa umboni angathe kuwauza amai ake mwaulemu kuti ngakhale madzi a pa Broad Street anali okoma ndi ooneka bwino. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Sindikufuna kuwaponyera mlandu wonse aphunzitsi athu. Ciyambire maphunziro aulere mu 2022, makalasi ambiri anadzaza kwambiri. Masukulu ambiri alibe cipinda coyeseramo zinthu, silabasi ndi yaitali, ndipo makolo amafunsa za zotsatira za mayeso basi. Mphunzitsi wothamangira kumaliza silabasi tiyenera kumumvetsa. Koma mau akuti "tilibe zipangizo" sindiwavomera kwathunthu, pakuti Snow anagwira nchito yake yaikulu ndi pepala, pensulo ndi miyendo.

Phunziro lotere lingatheke ngakhale pansi pa mtengo. Mphunzitsi angalembe pa bolodi za mapu, za fakitale ya mowa, za nyumba ya amphawi ndi za mai wa ku Hampstead, osaulula yankho. Kenaka agawe kalasi pawiri, ena aimire mpweya, ena aimire madzi, ndipo aliyense wolankhula achule umboni wake ndi kuyankha umboni wa mnzake. Mphindi 40 zikwana. Tsiku lina ana angabzale nyemba m'zitini ziwiri, cina pa dzuwa cina m'mdima, ndipo asanaone zotsatira alembe cimene akuyembekeza ndi cimene cingawacititse kuvomera kuti analakwa. Mphunzitsi pocongera apereke mamakisi pa kalondolondo wa maganizo, ngakhale yankho litaphonya pang'ono. A m'makalabu a JETS amacita zotere akamateteza nchito zao pamaso pa oweruza. Cifukwa ninji mwai umenewu ukhale wa ana owerengeka a m'kalabu, pamene kolera sisankha?

Inunso ophunzira muli ndi mbali yanu. Safunsa anadya phula. Sabata ino sankhani mzere umodzi m'manotsi anu, mulembe pambali pake kuti "tadziwa bwanji?" ndipo mukafunse aphunzitsi mwaulemu phunziro litatha. Akakuuzani kuti akayamba afufuza, musawaseke, pakuti yankho limenelo ndi la munthu woona mtima. Ndipo mnzanu akabwera ndi umboni woposa wanu, kumbukirani mbusa Whitehead, amene anapita kukatsutsa Snow koma ziwerengero zake zomwe zitamgonjetsa anavomera poyera.