Galimoto Yakale ndi Maina a Eni Ake

Mlimi wa fodya wa ku Champhira kapena ku Jenda amaidziwa bwino okushoni. Belo likaikidwa pa mzere ku Mzuzu, ogula amaligwira tsamba, naliyang'ana maonekedwe ake, ndipo mtengo umachokera pa tsambalo. Palibe amafunsa kuti analilima ndi mwana wa yani. Koma kuli okushoni ina ku Ulaya ndi ku America, kumene amagulitsako galimoto zakale zapamwamba, ndipo kumeneko malonda amayenda mwa mtundu wina. Galimoto isanaonekere pamaso pa ogula, amayamba ailembera kabuku ka mbiri yake: chaka chimene inapangidwa, anaigula poyamba ndani, inapita m'manja mwa yani, yayenda mitunda ingati, ndiponso ngati chikopa cha m'mipando ndi chomwe chija chochokera ku fakitale. Timabuku timeneti ndito tikufuna tione lero, pakuti tili ndi zabwino zimene ife kuno tikusowa, komanso tili ndi mpata waukulu.

Titenge galimoto imodzi yotchuka. M'chaka cha 1965 woimba wa gulu la The Beatles, John Lennon, analandira Rolls-Royce Phantom V yakuda. Mu 1967 anaipakitsa utoto wachikasu wamaluwamaluwa, chinthu chimene chinakwiyitsa Angerezi ena okonda mwambo. Pambuyo pake inawoloka nyanja kupita ku America, ndipo mu 1977 inaperekedwa ku nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Cooper-Hewitt ku New York pofuna kupepuza msonkho. Lennon anaphedwa mu December 1980. Mu June 1985 a Sotheby's anaiika pa okushoni, ndipo Jim Pattison wa ku Canada anaigula pa madola 2,299,000, mtengo woposa kutali umene ogulitsa ankayembekeza. Lero ndi chuma cha Royal British Columbia Museum ku Victoria.

Kodi munthuyo anagula chiyani? Injini inali yofanana ndi ya Phantom V ina iliyonse. Chimene chinakwera mtengo ndi dzina, ndipo dzinalo linakwera chifukwa mwini wake anali atagona m'manda. Apa ndi pamene timabuku tija timayamba kutsimphina. Timatchula mwini aliyense mwaulemu, koma anthu amene ankaidzukira m'mamawa kuitsuka, kuipukuta ndi kuiyendetsa kawirikawiri timangowadumpha, ngati kuti galimoto imadzisamala yokha. Ndipo mawu amene timawakonda koposa, akuti "yosungidwa bwino," nthawi zambiri amatanthauza kuti galimotoyo sinagwire ntchito kwenikweni. Kwathu kuno khasu lonyezimira pakutha pa dzinja silitamandidwa; timadziwa kuti mwini wake anali pa mthunzi.

Komabe tisawanyoze kotheratu alembiwo. Iwo amalemba chaka, dzina ndi mtengo, ndipo aliyense angathe kutsatira galimoto kuyambira ku fakitale mpaka pamene ili lero. Tsono tiyeni tiyese muyeso womwewo pa galimoto zathu zapamwamba.

Achikulire akukumbukira Rolls-Royce ya Dr. Kamuzu Banda, ndi mmene misewu inkatsekedwera iye akamadutsa, ana asukulu atandandalika m'mbali. M'chaka cha 2000 boma la a Bakili Muluzi linagulira nduna ma Mercedes-Benz 39, ndipo dziko la Britain, limene linkatipatsa thandizo lochuluka, litadandaula poyera, Pulezidenti analamula kuti agulitsidwe. Mu 2012 Mayi Joyce Banda atangotenga udindo, kunalengezedwa kuti boma lisiya ndege ya Pulezidenti imene a Bingu wa Mutharika anagula mu 2009, pamodzi ndi ma Mercedes-Benz 60. Ndegeyo inagulitsidwa mu 2013 pa madola 15 miliyoni, ndipo funso lakuti ndalamazo zinagwira ntchito yanji linautsa mkangano wautali m'nyuzi ndi ku Nyumba ya Malamulo.

Mwaona kuti nthawi zonse ziwiri anatidzidzimutsa ndi alendo kapena njala ya ndalama za kunja. Mwaonanso kuti tsiku lolengeza za kugulitsa limakhala la phokoso, koma tsiku lowerengera ndalama limadutsa mwakachetechete. Galimoto ya nambala ya MG, bulubuku yake imati mwini wake ndi Boma la Malawi. Nanga Boma linatenga kuti ndalama? Linatenga kwa mlimi uja amene amadulidwa msonkho pa belo lake, kwa mphunzitsi wa ku Embangweni, kwa mayi wogula sopo pa Mzimba boma. Amenewa ndiwo eni ake oyamba, ngakhale sanakhalepo pa mpando wake wachikopa. Galimoto ya boma ikagulitsidwa, iwo ali ndi ufulu wonse woona kabuku konga ka a Sotheby's: inagulidwa liti ndi pa mtengo wanji, yayenda mitunda ingati, waigula ndani, walipira zingati, ndipo ndalamazo zalowa kuti. Ndi chamanyazi kuti munthu wa ku Mzimba apeze msanga mbiri ya galimoto ya woimba wa ku Liverpool koposa ya galimoto imene iye mwini analipirako.

Sikuti anthu a boma lino sadziwa galimoto ayi. Ana athu a ku Joni abwera nazo zambiri, zina zokongola ndithu. Koma zimene zimakumbukika m'midzi ndi zija zinakalamba msanga: zonyamula chimanga, zothamangitsa wodwala usiku kupita ku Katete kapena ku Embangweni m'matope a February, zobweretsa maliro kuchokera kutali. Pa okushoni ya ku London zimenezi sizingapeze wogula. Mbiri yake amaisunga ndi amene anakweramo.

Ilipo galimoto ina yapamwamba imene malonda ake anayenda njira yachilendo. Mu December 1964 Papa Paulo VI anapita ku Bombay, ku India, ku msonkhano waukulu wa Ukaristia, ndipo ankayenda pa Lincoln Continental yoyera. Pobwerera ku Roma anaisiyira Mayi Teresa wa ku Calcutta. Mayiyo anadziwa bwino lomwe kuti dzina la Papa lakweza mtengo wa galimotoyo, monganso dzina la Lennon linadzachitira pa inzake, ndipo sanachite nazo manyazi. Sanaisunge m'galaja kuti idzakwere mtengo, ndiponso sanaigulitse kwa munthu mmodzi wolemera mseri. Anagulitsa matikiti a mpikisano wa mwayi, wopambana natenga galimoto. Ndalama zake zinathandiza kumanga Shanti Nagar, mudzi wa anthu odwala khate pafupi ndi Asansol, kumene odwalawo ankalandira mankhwala ndi kuphunzira ntchito za manja.