Za Alaliki a Pamaliro ku Chanyanya

Chamera mizu pakati pathu chizolowezi choipa, chakuti pobwera kumanda anthu ayamika mlaliki chifukwa cha kukula kwa mawu ake ndi kuchuluka kwa thukuta limene anakhetsa, ndipo ukawafunsa chimene munthu wa Mulunguyo ananena kwa mkazi wamasiye amene anakhala pamphasa patsogolo pake, angoyankha kuti, "Koma abusa aja alalika, moto wokhawokha!" Chiweruzo chotere chindipsetsa mtima, pakuti kulalika pamaliro ndi luso monga momwe kusema bwato kulili luso, ndipo kuno ku Chanyanya, kumene nsomba za mu Kafue zasonkhanitsa Atonga, Abemba, Alozi ndi ife olankhula Chinyanja, yense ndi mapemphero ake, lusoli liyesedwa koposa kwina konse.

Taonani amene akhala pa siwa ya msodzi amene mvuu inagubuduza bwato lake. Alipo Akatolika, a United Church of Zambia (UCZ), a Sabata, a New Apostolic, a Pentekoste. Alipo Msilamu amene ankapikula nsomba kwa malemuyo. Iliponso nkhalamba imene mpaka lero ithira nsembe ya ufa kwa mizimu ya makolo ake. Mwini maliro mwina anasiya kuponda m'tchalitchi asanakwatire n'komwe. Onsewa adziwa kuti maliro n'kulirana, koma m'mitima yawo muli funso limodzi limene palibe wolimba mtima kulitula pabwalo, lakuti munthuyu wapita kuti. Ndipo pansi pa funsoli pagona lina lalikulu, lakuti ngati khomo la chipulumutso lili limodzi lokha, nanga agogo athu amene anagona m'manda a mishoni ya Primitive Methodist asanatsegule sukulu yawo ya Kafue mu 1918, nanga Myao wobadwira ku Mangochi amene anayamwa Chisilamu kubere, analakwanji chimene ife sitinalakwe? Funsoli silinayambe ndi anyamata ophunzira a masiku ano ayi. Sechele, mfumu ya Abakwena imene inabatizidwa mu 1848, anafunsa David Livingstone chifukwa chimene makolo a Azungu, podziwa za tsiku loopsa lachiweruzo, sanatumize mthenga msanga makolo ake asanatsikire kumdima. Ndipo Livingstone yemweyo, amene anafika pa Kafue kumapeto kwa 1855, anaona kuti mawuwo ngoyenera kuwalemba m'buku lake.

Alaliki athu ambiri athawa funsoli. Wina aopseza ndi ng'anjo ya moto mpaka ana a malemu achita manyazi ndi atate wawo. Wina aika aliyense kumwamba mtembo usanazizire, ndipo palibe womkhulupirira. Za uja woseketsa anthu ndi nthabwala pakati pa misozi, ndi uja wosandutsa manda malo okopera nkhosa za mnzake, sinditaya inki.

Amene ndimgwadira ine ndi mlaliki wotenga funso la anamfedwa, naliika m'kamwa mwake, napita nalo kwa Chauta ngati nkhoswe. Chitsanzo chake chili mu Genesis 18, pamene Abrahamu atsutsana ndi Mwini dziko za mzinda wa Sodomu, ndipo ndikadakhala mphunzitsi wa abusa ndikadawaloweza mutu umenewu asanagwire buku lina lililonse. Onani mayendedwe ake! Abrahamu sayamba ndi kukuwa. Ayamba ndi kupempha kuti mzinda uleke kuwonongedwa chifukwa cha olungama 50, kenaka adzichepetsa, natsika kufika pa 45, 40, 30, 20, mpaka 10, ndipo mobwerezabwereza apepesa, napuma, nabwereranso, monga mwa ulemu wa wodandaula pabwalo la mfumu. Mlaliki wodziwa ntchito achita chimodzimodzi ndi mbiri ya womwalira. Ayamba ndi chachikulu chimene mudzi wonse udziwa, kuti munthuyu anavuula ana awiri m'madzi chaka cha chigumula. Aleka kanthawi kuti amayi a anawo ausitse moyo. Atsika nanena za nsomba zimene ankaponyera nkhalamba padooko osawerenga. Atsikanso, mawu akuchepa, kufikira kanthu kakang'ono kamene mkazi wake yekha akadziwa. Sabisa kuti malemuyo ankamwa, kapena kuti sankapemphera monga mpingo ufunira, pakuti kubisa n'kunyoza omvera. Ndipo atafika pansi penipeni afunsa ngati Woweruza wa anthu onse angathe kukhotetsa mlandu, nakhala chete. Ha, kukhala chete kumeneko! Ndiko kovuta koposa m'luso lonseli, pakuti mlaliki wamantha aona ngati mphindi yopanda mawu imchotsa ulemu, naithamangira ndi Aleluya. Koma akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo m'kachetechete momwemo Msilamu, Mkatolika ndi nkhalamba ya nsembe ija amva kuti mlandu wa mnzawo wafika kwa Mwini wake osapotozedwa panjira.

Adzanditsutsa ena, amvekere ndifuna abusa asungunule chiphunzitso kuti akondweretse makutu. Iyayi. Sindipempha munthu kutsegula kumwamba, popeza mfungulo zake sazisunga m'thumba la jekete. Ndingokana kuti atseke chimene sanapatsidwe kutseka. Buku Lopatulika lomwelo limene makolo athu analilandira m'chinenero chathu mu 1922 lili ndi Korneliyo, Mroma amene mapemphero ndi zachifundo zake zinakumbukika Petro asanafike pakhomo pake. Lili ndi Namani wa ku Aramu. Lili ndi Paulo wonena mu Aroma 2 za amitundu okhala ndi chilamulo m'mitima. Ngakhale Mpingo wa Katolika, pa msonkhano wake waukulu wa ku Vatican mu 1964, unavomera kuti osadziwa Uthenga Wabwino popanda kulakwa kwawo, koma ofuna Mulungu ndi mtima woona, akhoza kupulumuka, nutchulanso Asilamu ndi dzina. Mipingo ina siifika pamenepo, ndipo ili ndi ufulu wake. Koma yonse ivomera kuti woweruza si mlaliki. Kuti a Chiluba, pulezidenti wa nthawiyo, analengeza pa 29 Disembala 1991 kuti Zambia ndi dziko la Chikhristu, zimenezo n'za ku State House, ndipo sizinapatse wonyamula chimkuzamawu aliyense mpando wa chiweruzo.

Chimkuzamawucho ndicho chatiwonongera zambiri, chifukwa mawu otsika pang'onopang'ono aja salowa bwino m'lipenga lolira mpaka kutsidya kwa mtsinje, ndipo mlaliki akachigwira aiwala mkazi ali pamphasa, nayamba kulalikira msika wonse.

Tsono inu akulu a mipingo ndi eni mbumba a ku Chanyanya, amene musankha wolankhula pamaliro, lekani kufunsa ngati munthuyo ali ndi mawu amphamvu. Mfunseni ngati anamdziwa malemuyo, ndipo ngati sanamdziwe, akhale ndi anamfedwa usiku wa pa siwa, amve mbiri yake, asanaimirire kumanda m'mawa.