Tcherani Khutu kwa Munthu wa Besi

Anthu akamakumbutsana za nyimbo za doo-wop amangotchula wotsogolera nyimbo, ngati kuti anzake anayi aja anabwera kudzangomuperekeza. Zimenezi zimanditopetsa. N'zoona, Frankie Lymon anali ndi zaka 13 zokha pomwe "Why Do Fools Fall in Love" inatuluka mu 1956, ndipo mawu ake okwera aja ngodabwitsa. Koma iyambitseni pachiyambi penipeni. Woyamba kumveka ndi Sherman Garnes, munthu wa besi wa gulu la The Teenagers, akugubuduza timawu topanda tanthauzo. Ndiye amene amaika liwiro la nyimbo yonse, moti Lymon akamalowa amapeza zonse zitayalidwa kale.

Luso limeneli linakula chifukwa cha kusowa. Anyamata achikuda a ku Harlem, Philadelphia ndi Baltimore ankaphunzira nyimbo zawo pamphambano za misewu ndi m'makonde a sukulu, opanda ng'oma, opanda gitala. Wina pagululo ankayenera kusenza ntchito ya zoimbirazo ndi pakhosi pake. Anali ndi owonerapo: Orville "Hoppy" Jones wa The Ink Spots, yemwe ankalankhula ndime yonse ndi mawu a pansi pakati pa nyimbo, komanso Jimmy Ricks wa The Ravens, amene ankatsogolera nyimbo ndi besi imene. Aliyense amene anaimbapo kwaya ya kumpingo akudziwa mmene nyimbo imapepukira tsiku limene abambo a besi ajomba.

Ndiye pali "Blue Moon". Richard Rodgers ndi Lorenz Hart anaipeka mu 1934 ngati nyimbo yodekha, yovinira mwaulemu. Mu 1961 gulu la The Marcels la ku Pittsburgh linaigwira pakhosi. Fred Johnson amaitsegula yekha, popanda choimbira chilichonse: amatsekera mawu pamilomo n'kuwaphulitsa mofulumira ngati wachibwibwi, amasinthira ku timawu ta belu, kenako n'kutsika mpaka pansi penipeni pomwe amatchulira mutu wa nyimbo. Masekondi ochepa okhawo, koma mulibe malo opumira, ndipo akachedwa pang'ono pokha gulu lonse lalowa molakwika. Amabwerezanso zomwezo pakati pa ndime, osaphonya. Cornelius Harp amatsogolera bwino ndithu, koma ndani amamuyeserera? Yemwe ana ndi akulu omwe amamutsanzira ndi Johnson. Nyimboyi inafika pa nambala 1 ku America ndi ku Britain komwe.

Carlo Mastrangelo anachitanso zofanana potsegula "I Wonder Why" ya Dion and the Belmonts mu 1958, ndipo Will "Dub" Jones wa The Coasters ankangofunika mzere umodzi kuti anthu agwe ndi phwete.

Za The Platters ndilibe nazo mawu ambiri: pofika pa "Smoke Gets in Your Eyes" mavayolini anali atamukwirira Herb Reed, munthu wawo wa besi, nyimbo n'kusanduka ya wotsogolera Tony Williams yekha. "Sh-Boom" ya The Crew-Cuts, azungu a ku Canada omwe anaiimbanso mu 1954 n'kugulitsa kuposa eni ake The Chords, ndi yosalala mpaka kusukuluka.

Choipa china n'chakuti ambiri lero timamvera nyimbozi pa kasipika ka foni, kamene kamameza mawu onse a pansi. Munthu n'kumati doo-wop ndi nyimbo zofewa za achinyamata olira chikondi, pomwe theka la nyimbo sanalimve n'komwe.