Moto wa pa Phiri la Dedza: Kodi Mlandu Tauweruza Bwino?

Chaka ndi chaka, ikafika miyezi ya Sepitembala ndi Okutobala, timaona moto ukukwera usiku pa phiri la Dedza ndi m'nkhalango ya Chongoni. Kukacha timapeza lupsa lokhalokha, mitengo ya paini itapserera. Pamenepo timafulumira kunena kuti, "Ndi anyamata osaka mbewa." Mlandu timauthera pomwepo. Koma kodi tauweruza bwino?

Woyatsa machesi ngolakwa ndithu. Komatu machesi sangathe nkhalango ngati nkhalangoyo sinayambe yauma. Tsono tifunse: nchiyani chikuumitsa mapiri athu?

Anthu akamatentha malasha, petulo, dizilo ndi gasi m'mafakitale ndi m'magalimoto, mumatuluka mpweya wa kaboni umene umatsekereza kutentha kuti kusachoke pa dziko. Chifukwa cha mpweya umenewu, dziko latentherapo ndi digiri yoposa 1 poyerekeza ndi zaka za pakati pa 1850 ndi 1900. Digiri imodzi ikuoneka yochepa, koma mpweya ukatentherapo digiri imodzi umatha kusenza chinyezi choonjezera pafupifupi magawo 7 pa 100 alionse. Chinyezicho umachiyamwa m'nthaka, m'udzu ndi m'masamba a msuku ndi mombo. Motero tchire limauma msanga, ndipo kamoto kamene anthu akadakazima ndi nthambi kamasanduka chimoto chosagwirika.

Mpweya wambiri wotere suchokera kwathu kuno. Uchokera ku maiko olemera. Papa Fransisko anaikamba nkhani imeneyi m'kalata yake ya Laudato Si' mu 2015, kuti osauka ndiwo amavutika koposa ndi kutentha kumene ena anayambitsa. Ichi ndi chosalungama, ndipo tiyenera kuchitchula poyera.

Komabe tisabisale kumbuyo kwa mlandu wa ena. Ngati phiri likuuma kuposa kale, ndiye kuti udindo wathu wakula, sunachepe. Kulambula njira zotchinga moto, kutentha tchire mvula itangotha udzu usanaumitsitse, kuletsa ana kusaka mbewa ndi moto: zonsezi zili m'manja mwathu. Miphakati yathu ingathe kuzikambirana ndi mafumu chilimwe chisanafike.

Akuluakulu adati moto umapita kumene kwatsala tchire. Phiri likapsa, mvula imakokolola nthaka, akasupe amaphwa, ndipo amayi athu ndiwo amayenda mtunda wautali ndi ndowa pamutu. Pamene tikudzudzula mafakitale akutali, machesi a m'thumba mwathu tiwasamale.