Mau Oopa Kuchula: Kuyesa Buku la Annie Ernaux, L'Événement

Buku limene tiri kuliyesa pano linalembedwa m'Cifalansa, ndipo a Gallimard analisindikiza ku Paris m'caka ca 2000. Dzina lace ndi L'Événement, ndiko kunena kuti "Cocitikaco". Tanya Leslie, amene analitembenuzira m'Cingerezi, analicha Happening. Mlembi wace ndi Mai Annie Ernaux, amene anabadwa m'1940, nakulira ku Yvetot m'cigawo ca Normandy, kumene makolo ace anali ndi kasitolo pamodzi ndi cipinda cogulitsiramo zakumwa. Anagwira nchito ya uphunzitsi zaka zambiri, ndipo m'2022 analandira mphotho ya Nobel. Bukuli ndi lalifupi, loti munthu angalitsirize madzulo amodzi, ndipo si loti mukawerengere ana m'kalasi iai. Taliika m'masamba ano cifukwa pansi pa nkhani yace pali funso la ciyankhulo, limene inu amene muli kukonzekera kuphunzitsa ana kulemba muyenera kulilingalira: kodi munthu amatani pamene cinthu cimene camgwera ciribe dzina loti angalichule pamaso pa anzace?

Nkhani yace ndi iyi. M'mwezi wa October 1963, mtsikana wa zaka 23, wophunzira pa yunivesite ya ku Rouen, anaona kuti mwezi wace wamdumpha. Sanafune kubala mwanayo. Iye ndiye anali woyamba pa mtundu wao kufika pa maphunziro apamwamba, ndipo mimbayo anaiona ngati dzanja lomkokera kubwerera ku umphawi umene makolo ace anayesetsa kumturutsamo. Koma m'dziko la France masiku amenewo kucotsa mimba unali mlandu wa ndende kwa mkazi mwini, kwa womcotsa, ndi kwa ali yense wothandizapo. Dotolo akadatha kulandidwa nchito yace. Zaka 20 zokha zinali zitapita cidulidwire mutu Marie-Louise Giraud, amene boma la Vichy linamupha m'1943 cifukwa ca kucotsa mimba za akazi ena. Tsono mtsikanayo anayendayenda miyezi itatu. Dotolo wina anamlembera jekeseni, ndipo pambuyo pace anamva kuti anali mankhwala olimbitsa mimba. Anayesa yekha ndi nsingano zolukira, nalephera cifukwa ca ululu. Potsiriza mtsikana wina, amene mlembi angomchula L.B., anampatsa keyala ya mai wina wothandiza anamwino ku Paris, nambwereka ndalama 400 francs zolipirira. Maiyo anamlowetsa kapaipi m'ciberekero, kawiri, pakuti koyamba sikanagwire nchito. Mimbayo inacoka usiku wa pa 20 January 1964 m'nyumba yogona ophunzira. Anataya mwazi wambiri, napita naye ku cipatala ca Hôtel-Dieu.

Mlembi analemba zimenezi m'1999, patapita zaka 35, ali ndi mabuku ace akale a tsiku ndi tsiku patsogolo pace. Ndipo apa ndi pamene bukuli lionetsa nzeru yace yoyamba. Powerenga zimene analemba ali mtsikana, apeza kuti ngakhale m'buku lace lacinsinsi, limene panalibe wina wolitsegula, anali kulambalala dzina la cinthuco, nangocichula ndi mau olozera. Pamaso pa dotolo zinali cimodzimodzi: onse awiri anadziwa cimene mtsikanayo anadzera, koma panalibe mmodzi wochula liu lace. Ifetu tizolowera kuganiza kuti lamulo limagwira manja a munthu. Mai Ernaux ationetsa kuti limayamba ndi kugwira lilime, ndipo munthu wogwidwa lilime sangathe kufunsa njira, sangathe kudziwa kuti mankhwala awa apha ndipo awo sapha, sangathe ndi kupempha thandizo pamene mwazi wayamba kuturuka.

Ciyankhulo cathu cidziwa bwino kulambalala kotereku, ndipo kawirikawiri ndi ulemu wabwino. Timati mai ali ndi pakati, ali woyembekezera, kapena ngwodwala. Mimba ikacoka yokha timati wapita padera, kapena wapita pacabe, ndipo mau amenewa ali ndi cifundo m'kati mwace. Koma ikacoka ndi dzanja la munthu tiri ndi mau awiri, kucotsa ndi kutaya, ndipo awiriwa salingana. Timacotsa munga m'phazi. Timataya zinyalala kudzala. Wonena kuti "anataya mimba" waweruza kale mlandu asanaumve, ndipo wonena kuti "anacotsa" wangochula cimene dzanja linacita, ngakhale ena adzati wapeputsa cinthu cacikulu. Afalansa nao anali ndi kulambalala kwao: mai wocita nchito imeneyi mobisa ankamucha "wopanga angelo", dzina lokoma kumva ndi loopsa kulilingalira. Munthu wofuna kutembenuzira bukuli m'Cicewa adzaima pa mau awiri aja tsamba loyamba lomwe, ndipo limene adzasankhe lidzasanduliza buku lonse. Ife tikadasankha kucotsa, pakuti ndi momwe mlembi alembera: achula cinthu, naleka wowerenga aweruze yekha.

Kalembedwe kace nkouma. Mulibe miyambi, mulibe mafanizo okometsera, ndipo ziganizo zace nzazifupi. Amakumbukira zinthu zogwirika: beseni la madzi, tebulo, msewu wopanikiza wa Cardinet kumene maiyo ankakhala. Usiku uja wa January aufotokoza osabisa kanthu, kufikira cingwe ca mcombo cimene mtsikana wa cipinda coyandikana nacidula, onse awiri osadziwa cocita. Ena adzati wapyola malire. Ife tiyesa iai, pakuti buku lodandaula za kusachula zinthu likadadzitsutsa lokha likadatseka citseko pa mphindi imeneyo. Cinanso coyenera kuona ndi mau amene aika m'mikutiro apa ndi apo, m'mene mai wacikulire aleka nkhani pang'ono nafotokoza zimene ali kumva pamene ali kulemba. Motero timva anthu awiri m'buku limodzi, wina ali m'madzi ndipo wina ali pa mtunda, ndipo wa pa mtundayo sanamizira kuti akumbukira zonse. Mphunzitsi wa cimangirizo angatolepo kanthu apa.

Malo amene ife tiwayesa opambana m'buku lonse ndi a ku cipatala. Dotolo wacinyamata amene anamsamalira usiku uja anamkalipira, namuuza mwaukali kuti iye sali wokonza mipope ya madzi. M'mawa mwace, atamva kuti wodwalayo ndi wophunzira wa pa yunivesite monga iye mwini, anacita manyazi. Tsono manyazi amenewo ndiwo amtsutsa koposa ukali uja, pakuti aonetsa kuti cipongweco anacikonzera mtsikana wa m'fakitale kapena wogulitsa m'sitolo, ndipo cinangogwera wolakwika. Lamulo linali limodzi kwa onse pa pepala, koma ululu wace unagawidwa monga mwa ndalama ndi maphunziro. Mlembi sacita kulalikira zimenezi. Angoonetsa nkhope ya dotoloyo.

Zolakwa ziripo. Mnyamata mwini mimba, amene achedwa P., ndi cithunzithunzi cabe, ndipo makolo a mtsikanayo tingowaona patali. Coposa apo, funso limene ambiri a inu mudzayamba nalo, lakuti kodi cimene cinali m'mimbamo sicinali moyo wa munthu, mlembi alipatsa malo ocepa. Anena zakuti anapita kukaulula kwa wansembe, naturuka atadziwa kuti iye ndi cipembedzo alekana. Nkhani yaikulu cotero aitha m'mizere yowerengeka. Munthu woleredwa m'Cikatolika ca ku Normandy sakadasowa zonena zambiri pamenepa, ndipo wowerenga wokhulupirira adzamva kuti sanayankhidwe. Sitinena kuti mlembi akadasintha maganizo ace. Tinena kuti akadakhala pa bvutolo nthawi yaitali monga anakhalira pa beseni lija.

Tsopano tifike pa funso limene wowerenga wa lero sangalizembe. Ku France nkhani imeneyi inatha: lamulo la Simone Veil linaloleza kucotsa mimba m'January 1975, ndipo m'March 2024 ufulu umenewo unalembedwa m'malamulo akulu a dzikolo. Ndiponso nsingano ndi kapaipi zalowedwa m'malo ndi mapiritsi. Mankhwala ochedwa mifepristone, amene amatsekereza progesterone yosunga mimba, anapangidwa ndi kampani ya Roussel Uclaf ku France komweko, nabvomerezedwa m'1988. Kampaniyo itaopa otsutsa ndi kuwacotsa pa msika, nduna ya za umoyo Claude Évin inailamula kuwabwezera. Ena, ochedwa misoprostol, anali a zironda za m'mimba. Atayamba kugulitsidwa ku Brazil m'1986 ndi dzina lakuti Cytotec, akazi a kumeneko, kumene lamulo ndi lolimba, anawerenga cenjezo lakuti woyembekezera asamwe, nazindikira okha tanthauzo lace. Pofika 1991 boma linali litayamba kuletsa kugulitsa kwace. Njira imeneyi sanaiyambe madotolo, anaiyamba akazi osauka. M'2022 Bungwe la za Umoyo pa Dziko Lonse linanena kuti mkazi angathe kugwiritsa nchito mankhwalawa yekha mimba isanafike masabata 12, ngati ali ndi malangizo oona, mankhwala enieni, ndi cipatala cothamangirako zikabvuta.

Kodi tsono bukuli lasanduka mbiri yakale cabe? Theka lace inde. Mai wa ku msewu wa Cardinet, ndi beseni lace, safunikanso monga kale, ndipo ngozi ya pa thupi yacepa ndithu. Koma tawerenganinso, ndipo mudzaona kuti masamba ambiri sali a kapaipi. Ali a kufunafuna. Ndani adziwa? Ndifunse yani osandiulula? Ndalama ndizitenga kuti? Masabata ali kupita. Zonsezi mapiritsi sanazicotse m'maiko a lamulo lolimba, ndipo aonjezapo mantha ena, akuti kapena cimene wagula kwa munthu wosamdziwa ndi ufa wacabe. Cifukwa cace ife tiyesa kuti munthu wofunika koposa m'bukuli kwa wowerenga wa lero ndi L.B., amene mlembi amdutsa mofulumira: wopereka keyala, wobwereka ndalama. Nchito yaceyo ndiyo yakula. Dotolo wa ku Netherlands, Rebecca Gomperts, anayambitsa Women on Web m'2005, kuti akazi a m'maiko oletsa apeze malangizo ndi mankhwala kupyolera pa intaneti ndi positi. Ndipo lamulo nalo latembenukira kwa L.B. Ku Poland mkazi wocotsa mimba yace salangidwa, koma womthandiza angamangidwe kufikira zaka zitatu. M'March 2023 bwalo la ku Warsaw linapeza Justyna Wydrzyńska wolakwa cifukwa ca kutumiza mapiritsi kwa mkazi wina m'2020, nalamula kuti agwire nchito ya cilango miyezi 8. Mwamuna wa mkaziyo ndiye anapeza mapiritsiwo naitana apolisi. M'February 2025 bwalo lalikulu linafafaniza ciweruzoco nalamula kuti mlandu uzengedwenso. Anthu atatu a m'buku lija mudzawapezanso m'lamulo lathu la milandu, zigawo 149 mpaka 151, limene linatengera lamulo la ku England la 1861: wocotsa, kufikira zaka 14, mkazi mwini, zaka 7, wopereka mankhwala kapena zipangizo, zaka 3, kupatula pofuna kupulumutsa moyo wa mai.

M'2021 Audrey Diwan anapanga kanema wocokera m'bukuli, ndipo anapambana mphotho ya Golden Lion ku Venice. Kanemayo anataya liu la mai wacikulire uja, limene liri msana wa bukuli, ndipo nkhaniyo inatsala yothamanga ndi yocititsa mantha koposa yolingalira. Komabe anagwira cinthu cimodzi bwino. Mtsikanayo auzidwa kuti akafika ku cipatala zonse zidzatsamira pa liu limene dotolo adzalembe pa pepala: akalemba kuti wapita padera, apita kwao, akalemba kuti wacotsa, apita ku ndende. M'nyengo ya mapiritsi liu limenelo lalemera koposa, pakuti mimba yocoka ndi mankhwala ndi mimba yocoka yokha zioneka cimodzimodzi kwa namwino, ndipo cisamaliro cace ndi cimodzi. Kumene lamulo liri lolimba, kufanana kumeneku kuteteza ena ndi kupereka ena. Ku El Salvador, kumene kucotsa mimba kunaletsedwa kotheratu kuyambira 1998, akazi ena amene anafika ku cipatala ali kutaya mwazi, nanena kuti mimba yacoka yokha, anaimbidwa mlandu wa kupha, nagamulidwa zaka 30 m'ndende.