Bodza la Kalulu limafuna mboni

Padoko la Ngala, kufupi ndi Dwangwa, mayi wogula usipa akafunsa kuti, "Bambo, chigoba ndi zingati lero?" msodzi amatha kuyankha kuti, "Mayi, mwera uja simunaumve usiku?" Palibe amene amakwiya. Mayiyo wamva kale kuti chilimira chabwerako chopepuka ndipo mtengo wakwera.

Paul Grice, katswiri wa ku Britain, analemba mu 1975 kuti anthu akamacheza amakhala atagwirizana mosanena pa zinthu zinayi: kunena zoona, zokwanira, zokhudza nkhani imene ili m'kamwa, ndiponso momveka. Msodzi waswa chachitatu, koma poyera, podziwa kuti mnzakeyo alumikiza yekha. Pali kuswa kwina kochita mobisa, ndipo luso la nthano zathu lagona pamenepo.

Taganizani za Kalulu pachitsime chija anakana kukumba pamodzi ndi nyama zinzake. Akubwera ndi uchi, akumulawitsa mlonda wa chitsimecho, kenako akumuuza kuti wofuna kudya wambiri ayambe wamangidwa. Kukoma kwa uchiwo n'koona. Bodza langokwera pamsana pake. Mlonda akugwa m'mbuna chifukwa chosunga mwambo wa macheza, wokhulupirira kuti wokulankhula akukufunira zabwino.

Ntchito ya wosimba apa ndi yovuta, pakuti mawu amodzimodziwo ayenera kumveka pawiri: mlonda amve chifundo, ana ozungulira moto amve chinyengo. Agogo odziwa ntchito yawo amafewetsa mawu a Kalulu mopitirira pang'ono, ulemu n'kuchita kusefukira, kenako amaima kaye. "Tili tonse" wotsatira amatuluka ndi kuseka, ndiye kuti ana agwira wakuba mlonda asanadziwe kanthu.

Osimba ambiri, makamaka owerenga nthano m'kalasi, amaononga pomwepa. Amathamangira kufotokoza kuti Kalulu ankanama, ngati anawo alibe makutu. Kumeneko n'kuswanso pangano, chifukwa kunena zoposa zofunika kumanyoza womvera. Ena amamupatsa Kalulu liwu lachinyengo loonekeratu, mlonda n'kusanduka chitsiru chenicheni. Ndipo kupusitsa chitsiru sikuseketsa.

Fulu ndiye amandisangalatsa koposa. Iye yekha amamugwira Kalulu, ndipo amatero osatsutsana naye, osamuyankha n'komwe. Wosimba wabwino samupatsa mawu ambiri pachitsimepo. Amasiya Kalulu aziopseza, azinyengerera, azilonjeza yekha mpaka mawu atamuthera.